Sitata yogwira lero n'kukana mawa: kupeza pomwe moto ukuthera

Sitata yoferatu sivutitsa munthu. Mumaichotsa, kukonzetsa kapena kugula ina, nkhani yatha. Yovuta ndi ija yoliza galimoto bwinobwino sabata yonse, kenako n'kukana mutangomwetsa mafuta pa filing'i, anthu akuimba mahutala kumbuyo kwanu. Mukafika nayo kwa makaniko imalira ndi kiyi mmodzi yekha, iye n'kumati palibe chimene akuona. Vutoli ndi lofala pa galimoto zakale zochokera ku Japan monga Toyota Corolla, Hilux ndi maminibasi a Hiace, ndipo ambiri amathamangira kugula batire kapena sitata yatsopano pomwe cholakwika ndi kachitsulo ka mkuwa kochepa ngati chikhadabo, mwinanso teminolo yomasuka basi.

Vuto lobwera n'kumachoka limagwidwa pa nthawi imene likuchitika. Kuyeza galimoto ikulira bwino kumangokuuzani kuti zonse zili bwino. Choncho multimeter (chipangizo choyezera magetsi, chomwe pano tizingochitcha mita), waya wotalika mita imodzi ndi sipanala ya 10 zizikhala m'galimoto momwemo, ndipo tsiku limene yakana musafulumire kuitana anyamata okankha. Kugwejemula kumakufikitsani kunyumba, koma kumafafaniza umboni wonse.

Yambani ndi khutu

Sitata ili ndi njira ziwiri za moto. Yaikulu ndi chingwe chonenepa chochoka pa + ya batire kukafika pa bawuti yaikulu ya solenoid (switchi ya maginito yokhala pa sitata), yomwe m'mabuku imatchedwa teminolo 30, ndipo motowo umabwerera ku batire kudzera m'thupi la injini ndi waya wa ethi. Njira yaing'ono imachoka pa kiyi, kudutsa pa fyuzi, pa relay (kaswitchi koyatsidwa ndi magetsi) ngati ilipo, pa switchi ya giya kapena ya klatchi, n'kukathera pa kawaya kowonda kolowa pa solenoid, teminolo 50. Kawayaka kakalandira moto, solenoid imakoka chitsulo chake chapakati, chimene chimakankhira giya yaing'ono ya sitata m'mano a flywheel (gudumu lachitsulo la kumbuyo kwa injini), n'kulumikizanso moto waukulu kuti mota izungulire. Phokoso limene mumamva potembenuza kiyi limakuuzani njira imene yadwala.

Mukamva "kha!" kamodzi mwamphamvu kuchokera pa sitata penipeni koma injini osatembenuka, ndiye kuti njira yaing'ono yagwira ntchito yake, moto waukulu ndi umene sukudutsa. Mukamva "khakhakhakha" mofulumira, solenoid ikukoka n'kumasiya chifukwa mphamvu ikugwa nthawi iliyonse mota ikafuna kudya moto, ndipo apa ganizirani batire lofooka kapena mateminolo akuda. Kukangoti zii, kapena kumveka kakuti "thi" kakang'ono m'bokosi la mafyuzi, vuto lili m'njira yaing'ono kapena m'mabulashi, timakala topereka moto ku chigawo chozungulira cha mota. Sitata ikamalira "viii" payokha injini ili phee, kapena ikamakukuta mano, nkhani ndi ya magiya. Ikamatembenuza injini molemera ngati yatopa, moto ukufika woperewera kapena sitatayo ikukhula m'kati.

Yatsaninso magetsi akutsogolo, wina aime n'kumayang'ana pamene mukutembenuza kiyi. Akazimiratu kapena kutsala pang'ono kuzima, yang'anani batire ndi mateminolo ake. Akangokhala owala chimodzimodzi, sitata sikudya moto n'komwe, kutanthauza kuti penapake njira yaduka.

Batire ndi zingwe

Batire lodzaza, galimoto itakhala chizimire kwa maola angapo, limawerenga pafupifupi 12.6V. Pa 12.4V latsika pang'ono, pa 12.2V lili cha pakati, ndipo pa 12.0V latsala pang'ono kutha. Koma nambala imeneyi payokha imanamiza. Batire lokalamba likhoza kuonetsa 12.5V lili chikhalire, n'kugwa mpaka 7V sitata ikangogwira. Ikani mita pa mitu ya batire, wina alize galimoto, muone pomwe nambala ikufika: isatsike kupitirira 9.6V. Injini ikalira, mita iwerenge pakati pa 13.8V ndi 14.5V, ikakhala pansi pa 13V, alternator sikuchaja mokwanira ndipo sitata ikungosenza mlandu wa mnzake. Batire lokalamba limadziulula m'mamawa wa June ndi July kumadera ozizira ngati Dedza ndi Mzuzu, pomwe oyilo walimba ndipo batirelo lafooka ndi chisanu, masana n'kumaliza galimoto popanda vuto.

Batire likakhoza mayesowa, pitani ku zingwe, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya. Sitata ya injini yaing'ono ya petulo imadya ma amp pakati pa 100 ndi 200, ya dizilo imapitirira pamenepo kutali. Pa moto wochuluka chotere, kadzimbiri kochepa kamene mita singakaone n'komwe mukayeza ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chikutsekerezera moto) kamabweretsa mavuto aakulu. Teminolo yokhala ndi 0.01 ohm yokha, podutsa ma amp 150, imadya 1.5V. Zili ngati paipi ya madzi yotsekeka ndi matope: mpope uli wotseka mphamvu imaoneka yokwanira, mukatsegula m'pamene madzi amangodontha. N'chifukwa chake kuyeza kuti "moto ukufika pa sitata" ndi kagetsi koyesera sikutsimikizira kanthu.

Muyeso woyenera ndi wa mphamvu yotayika m'njira pamene kiyi ali pa START. Ikani mita pa 20V DC kapena kuchepera. Waya wofiira wa mita ukhudze mutu weniweni wa mtovu wa + ya batire, osati chomangira chake, ndipo wakuda ukhudze bawuti yaikulu ya pa solenoid. Wina atembenuze kiyi. Njira yabwino imataya osapitirira 0.5V. Kenako yezani mbali yobwerera: waya umodzi pa thupi la sitata, pamalo opalidwa bwino, wina pa mutu wa − ya batire. Apa pasapitirire 0.3V. Mukapeza nambala yaikulu, yendani ndi mita cholumikizira chimodzichimodzi, kuyambira pakati pa mutu wa batire ndi chomangira chake, kufikira mutapeza pomwe mphamvu ikuthera. Malo otere nthawi zambiri amakhala ofunda mukawagwira mutangoyesa kuliza.

Ethi ili ndi njira yachidule yoiyesera ngakhale mulibe mita. Tengani chingwe chimodzi cha jampa, mbali ina pa − ya batire, ina pa chitsulo cholimba cha injini. Galimoto ikalira nthawi yomweyo, waya wa ethi wawola kapena wamasuka. Pa galimoto zakale waya ameneyu amaduka tingwe take kamodzikamodzi chifukwa cha kugwedezeka kwa injini, ndipo nthawi zina amaiwalika osamangidwa pambuyo pochotsa giyabokosi. Zikatero moto umafuna njira ina yobwerera, n'kumadutsa mu kebulo ya akisileleta kapena ya klatchi mpaka kuitentha.

Pokonza, masulani − poyamba, ndipo muzidzaibwezera pomalizira. Ufa woyera kapena wobiriwira wa pa mateminolo umachoka ndi supuni imodzi ya soda wophikira m'kapu ya madzi. Samalani kuti madziwo asalowe m'batire. Palani mitu ndi m'kati mwa zomangira mpaka ziwale, mangani molimba kuti zisapotokole ndi dzanja, ndipo girisi pakani pamwamba mutamanga kale. Chizolowezi chokhomera msomali kapena sikuluwu pakati pa mutu ndi chomangira chotakasuka ndi chimene chimabala mavuto ambiri a mtundu uwu. Chomangira chatsopano n'chotchipa. Pindaninso chingwe pafupi ndi mapeto ake: chikatupa kapena kulimba ngati ndodo, asidi walowa pansi pa pulasitiki n'kudya mkuwa, ndipo chingwe chonsecho chisinthidwe.

Kugogoda kamodzi: zitsulo za mkuwa za mu solenoid

Toyota zambiri zakale zili ndi sitata ya Denso, yomwe ndi yolimba kwambiri koma ili ndi matenda ake odziwika. M'kati mwa solenoid muli tizitsulo tiwiri ta mkuwa topindika ngati L, kamodzi ka ku batire, kena ka ku mota. Chitsulo chapakati chija chili ndi mphete ya mkuwa yomwe imadzagunda tonse tiwiri n'kutilumikiza. Nthawi iliyonse ikagunda pamathetheka moto, ndipo pakapita zaka mkuwawo umadyeka n'kukhala ndi khwawa. Ka ku batire ndi kamene kamatha msanga. Kamodzi kakatsika kuposa kanzake, mphete imakhala mopendekeka: lero yakhudza, mawa yaphonya. Mphete imatembenuka pang'ono pa kugunda kulikonse, n'chifukwa chake mukabwereza kiyi kasanu kapena kakhumi, galimoto imapezeka yalira. Masiku akamapita, kubwerezako kumachuluka.

Kutsimikiza n'kosavuta ngati pa sitata pakufikika. Solenoid ili ndi mabawuti awiri aakulu, ina yolandira chingwe cha batire, ina yopereka moto ku mota. Pamene yagogoda ndipo mnzanu wagwirabe kiyi pa START, yezani pakati pa mabawuti awiriwo. Zitsulo zabwino zimataya 0.2V kapena 0.3V basi. Mukaona pafupifupi 12V yonse, moto waima pakhomo, sukuwoloka.

Kukonza kwake sikulira sitata yatsopano. Chotsani − ya batire, masulani mawaya ndi mabawuti awiri omanga sitata ku giyabokosi, muitulutse. Kumbuyo kwa solenoid kuli chivundikiro chomangidwa ndi timabawuti titatu. Mukachichotsa, chitsulo chapakati chimasololoka ndi sipuling'i yake. Samalani ndi kampira kachitsulo kamene kamakhala m'kati kumapeto kwa sipuling'iyo, kakagwera mu mchenga mwakataya. Musanamasule manati a tizitsulo ta mkuwa, jambulani ndi foni mmene mawashala, timphira ndi zotchingira moto zakhalira, chifukwa chotchingira chimodzi chikaikidwa molakwika chingwe cha batire chimakhudza thupi la sitata ndipo moto wake ndi woopsa. Tizitsuloti timasiyana maonekedwe malinga ndi mtundu wa sitata, choncho pitani nato takaleto kwa ogulitsa masipeya. Sinthani tonse tiwiri, ndipo mphete ikakhala yokumbika sinthaninso chitsulo chapakati. Pomanga manati, tsinderani kachitsulo kalikonse pansi ndi kamtengo kuti kasapotoke. Kakakhala kopendekeka mphete imakhudza nsonga yokha ndipo vuto limabwerera pasanathe miyezi. Kupala takale ndi fayilo kumathandiza kuti mufike kunyumba, koma mkuwa wochepa kale umangocheperako.

Zitsulo zodyeka kwambiri zimathanso kumamatirana, sitata n'kumazungulirabe mutasiya kiyi. Zikachitika, chotsani − ya batire msangamsanga isanapse.

Kukakhala chete

Apa funso ndi lakuti kodi moto ukufika pa kawaya ka teminolo 50, ndipo ukufika wochuluka bwanji. Yezani kawayako kali kolumikizidwa, polowetsa nsonga ya mita kumbuyo kwa pulagi. Mukakachotsa n'kuyeza padera, kadzaonetsa 12V ngakhale njira yake ili yowola, pa chifukwa chomwe chija cha paipi. Pokoka, solenoid imafuna ma amp 30 kapena kuposerapo kwa kamphindi, kenako imagwira ndi ochepa. Pa galimoto zakale zopanda relay moto wonsewu umadutsa m'switchi ya kiyi, yomwe imapsa pang'onopang'ono. Mukapeza 10V kapena kupitirira pamene kiyi ali pa START, njira yaing'ono ili bwino. Mukapeza 7V kapena 8V, solenoid idzakoka tsiku lina n'kulephera tsiku lina.

Pa galimoto ya otomatiki, yesani kuliza giya ili pa N m'malo mwa P, kapena gwedezani ndodo ya giya mutagwira kiyi pa START, phazi lili pa buleki. Ikalira, switchi ya pa giyabokosi yadetsedwa kapena yasuntha pamalo pake. Galimoto zina za manyuwo zili ndi switchi pa pedulo ya klatchi; kamphira kamene kamaikankha kamaphwanyika ndi ukalamba, ndipo kapeti yokhuthala imalepheretsa pedulo kufika pansi. Relay ya sitata mukhoza kuisinthanitsa ndi ina ya nambala yofanana m'bokosi lomwelo. Ngati kugwedeza kiyi m'bowo mwake kukusintha zinthu, switchi ya kiyi yatha. Mulu wolemera wa makiyi wolendewera pamenepo umafulumizitsa kutha kwake. Yang'ananinso pansi pa chiwongolero. Ma alamu oikidwa pambuyo nthawi zambiri amadula waya wa sitata n'kuulumikiza pongopota ndi kukulunga tepi, ndipo malo amenewo ndi oyamba kuwakayikira.

Pofuna kulekanitsa sitata ndi njira yake, perekani moto mwachindunji kuchoka pa + ya batire kupita pa teminolo 50 ndi waya wanu uja. Izi zimalumpha zotetezera zonse, choncho giya ikhale pa nyutulo kapena P, handibuleki yokoka, miyala kumatayala, mphete ndi wotchi zovula, ndipo musakhale kunsi kapena kutsogolo kwa galimoto. Kugwiritsa sikuludiraiva pa mabawuti a solenoid n'kofala koma kumaotcha mazinga a bawuti ndi manja omwe. Ikazungulira nthawi zonse ndi waya wanuwo, sitata ilibe mlandu. Ngati vuto ndi kutsika kwa mphamvu m'mawaya okalamba, mankhwala okhalitsa ndi kuika relay wamba ya 30A kapena 40A pafupi ndi batire: potsata manambala olembedwa pa miyendo ya relay, waya wakale wa kiyi apite pa 86, ethi pa 85, moto wa batire wodzera pa fyuzi pa 30, ndipo 87 ipite ku teminolo 50 ya solenoid. Kiyi amatsala ndi ntchito yopepuka yoyatsa relay.

Moto wokwanira ukafika pa teminolo 50 koma osamveka ngakhale kugogoda, musathamangire kunena kuti solenoid yapsa. Koyilo yokoka ya solenoid imapeza ethi yake kudzera m'mota, kudutsa m'mabulashi. Mabulashi akatha n'kusiya kukhudza, solenoid imasowa mphamvu yokokera ndipo pamangoti zii.

Mabulashi ndi nyundo

Kugogoda sitata ndi chitsulo wina akutembenuza kiyi kumagwedeza mabulashi n'kuwakhudzitsa, kapena kumasula chitsulo chapakati cha solenoid chokakamira. Ndi muyeso wabwino, koma si kukonza. Gogodani pang'ono ndi mpini wa nyundo kapena kamtengo. Sitata zambiri zatsopanoko zili ndi maginito m'kati mwa thupi lake, ndipo kumenya mwamphamvu kumawaswa. Zikatero sitata yomwe imangofuna mabulashi yasanduka yotaya.

Mukaitsegula, mabulashi akhale aatali mofanana, oyenda momasuka m'timabokosi take, sipuling'i ikuwakankha ndithu. Otsala ochepera theka la atsopano asinthidwe onse. Commutator, mkuwa wa timizeremizere womwe mabulashi amakhulapo, itsukeni ndi sandipepa wosalala wa 400 mozunguliza, ndipo timipata take tikhale tozama pafupifupi theka la milimita, topanda fumbi la makala. Kagawo kamodzi kakakhala kakuda kopserera pomwe tinzake tili towala, koyilo ya armature (chigawo chozungulira cha m'kati mwa mota) yaduka pamenepo. Sitata yotere imakana pokhapokha itaima pa kagawo komweko, ndipo ili ndi vuto lenileni la apo ndi apo lomwe kutsuka sikungathetse. Pafunika armature ina. Gwedezaninso shafuti cham'mbali. Mabushi akatha, armature imakhula thupi la sitata, imasiya zipsera zowala, imadya moto wambiri ndi kuzungulira molemera.

Sitata yonyowa ndi oyilo wodontha kuchokera pamwamba pa injini, kapena yodzaza matope a m'nyengo ya dzinja pambuyo powoloka zithaphwi, mabulashi ake amakakamira. Tsekani kudonthako kaye, apo ayi yatsopano idzadwalanso chimodzimodzi.

Yokana ikatentha

Galimoto yolira bwino m'mawa koma yokana mutangoizimitsa pambuyo pa ulendo wautali, n'kudzalira patapita theka la ola, ili ndi vuto la kutentha. Mkuwa ukatentha umavuta kudutsitsa moto, ndipo cholumikizira chomwe chimangokwanira pozizira chimalephera. Zimachitika kwambiri pomwe sitata ili pafupi ndi paipi ya ekizozi ndipo chitsulo chotchinga kutentha chidatayika kalekale, makamaka m'miyezi ya October ndi November kapena kuchigwa cha Shire. Miyeso yonse ya pamwambayi ibwerezedwe injini ili yotentha, ndi pamene imaulula. Osathira madzi ozizira pa sitata yotentha.

Magiya

Sitata ikamazungulira payokha, ndiye kuti kaklatchi kake, ka kumbuyo kwa giya yake yaing'ono, kakuterereka. Mukaigwira m'manja, giyayo iyenera kutembenuka mbali imodzi yokha, mbali inayo n'kugwira zolimba. Musaiviike m'petulo kapena m'parafini potsuka, chifukwa girisi wake ndi wotsekeredwa m'kati ndipo simungamubwezeremo. Kukukuta kobwera mwa apo ndi apo kumaloza ku mano a flywheel. Injini ya masilinda anayi imakonda kuima pa malo awiri omweomwewo, motero mano a pamenepo ndi amene amagundidwa nthawi zonse mpaka kubunthika. Pa manyuwo, kiyi ali wozima, ikani giya 4 n'kukankha galimoto pang'ono kuti flywheel isunthe, bwererani pa nyutulo n'kuliza. Ikagwira bwino, suzumirani mano kudzera pa bowo la sitata uku wina akutembenuza injini ndi sipanala pa pule ya kutsogolo. Kusintha ring gear, mkombero wa mano a flywheel, kumafuna kutsitsa giyabokosi, choncho ndi ntchito yabwino kuiphatikiza ndi ya klatchi. Mabawuti a sitata omasuka amabweretsanso phokoso lomweli, ndipo amaononga ethi nthawi yomweyo.

Sipanala yomweyo imayankhanso funso lina. Injini ikakana kutembenuka ndi dzanja, mwina yagwira kapena m'silinda mwalowa madzi, ndipo kuikakamiza ndi sitata kungapinde con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi shafuti ya injini.

Poyesa zonsezi musagwire kiyi pa START kupitirira masekondi 10, ndipo muzipumitsa theka la mphindi kapena kuposa. Sitata ilibe chokupizira mphepo. Mukapita nayo kokonzetsa, dziwani kuti kuizungulitsa pa benchi ndi zingwe za jampa kumangosonyeza kuti ikuzungulira popanda katundu. Ya zitsulo zodyeka kapena mabushi otha imakhoza mayeso amenewo mosavuta. Pemphani kuti solenoid itsegulidwe muone mkuwawo ndi maso anu, ndipo uzani makaniko phokoso limene munamva, ngati injini inali yotentha kapena yozizira, ndi manambala amene mita inawerenga pa tsiku limene inakana.